Anasesa pa Chilumba cha January

Kumunsi kwa phiri la Mpingwe kuli kamtsinje kamene kamagawikana pawiri n'kukakumananso patsogolo pang'ono. Pakati pakepo pamatsala kachilumba kosakwana ndi theka lomwe la bwalo la mpira. Anthu amati ndi pa Chilumba cha January, ngakhale ambiri sadziwa kuti Januaryyo anali ndani. Anali bambo wawo wa a Lucius Namakhwa, Mlomwe wa tsidya la Mozambique, amene anathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kubwera ku Limbe kudzasenza mabelo a fodya. Katundu amene anafika naye anali mkeka, kampeni, ndi njere za chiwale zomanga pakansanza.

Chiwale si mtengo wa m'tauni. N'chachibale ndi kanjedza, koma masamba ake ndi aatali moti limodzi likagwa chopingasa limatseka msewu. Chimafuna madzi osaphwa kumizu ndi mthunzi wa zinyalala zake zomwe. Chimakula zaka makumi awiri, mwina atatu, osabala kanthu. Kenako chimatulutsa mikoko ya zipatso zamamba ngati nsomba, zonyezimira ngati zopaka vanishi, ndipo chikangobereka kamodziko chimayamba kuuma. A January ankati ndi mtengo womwalira pauchembere. Njere zake nazo n'zaliuma. Zimagona m'matope miyezi ndi miyezi, zina chaka chathunthu, zisanaganize zomera.

A Lucius anabadwa mu 1954, m'nyumba ya zidina imene ili chakumtunda kwa kachilumbako, ndipo sanasamukemo. Sukulu analekezera Sitandade 5. Anaphunzira utelala, nakhala ndi makina awo pakhonde la sitolo ya a Fahim ku Limbe zaka makumi atatu ndi chimodzi, akusoka mayunifolomu ndi madiresi a ukwati, kufikira kaunjika anadzaza msika anthu n'kuiwala njira ya kwa telala. Anakwatira mayi Mildred, mkazi wofatsa amene ankaimba kwaya. Ana anayi anabadwa. Awiri anatsogola, mmodzi anapita ku Joni n'kutchona, watsala ndi Felicia, amene anakwatiwa ku Kanjedza. Mayi Mildred anamwalira mu 2016. Moyo wawo wonse ungathe kulembedwa pa chikuto cha kope. Chimene sichingalembedwepo ndi m'mawa uliwonse umene ankawoloka pa matabwa awiri oyalika pamtsinjewo, asanakwere minibasi, kukaona mitengo ya bambo wawo.

Pamene a January ankamwalira, pachilumbapo panali mitengo ya chiwale khumi ndi inayi. Mzinda unaidya pang'onopang'ono. Opanga mipando ankabwera kudzadula masamba. Okumba mchenga anaguguda gombe mpaka mizu kukhala pamtunda. Chaka chilichonse Lamulungu la Kanjedza likayandikira, achinyamata a tchalitchi ankabwera ndi zikwanje kufuna nsonga yanthete ya pakati, yoyera ija yolukira timitanda, osadziwa kuti ndiye mtima wa mtengo. A Lucius, munthu wa Mulungu, ankalephera kuwakaniza. Ankangoima potero n'kumati, "Dulani am'mbaliwa, ana anga," koma ana a masiku ano amamva ndi khutu limodzi. Mitengo isanu imene inatsala, inayi inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy. Unatsala umodzi, ndipo umenewo unali utatulutsa kale mikoko.

Zipatso zitayamba kugwa, a Lucius sanauze munthu. Anali ataphunzira. Kale mtengo wina utabereka, ogulitsa ziboliboli anatola zipatso zonse n'kukaziboola kuti azikolekamo makiyi. Ulendo wina anamangira mbande mpanda wa bango, ndipo mpandawo ndi umene unauza akuba kuti pali chinthu cha mtengo wapatali. Akubawo anazula zonse n'kukagulitsa m'mphepete mwa msewu ngati maluwa. Ndiye ulendo uno anachita zimene mtengowo umachita wokha kutchire. Anapondereza njere m'matope, n'kuzivundikira ndi masamba ouma a chiwale, mapesi ndi udzu wowola. Munthu wodutsa ankaona dzala. Ngakhale Felicia sanamuuze. Ankamukonda mwana wawoyo, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

Patatha chaka, pansi pa zinyalalazo panatuluka timasamba tosongoka, tofanana ndi udzu wamba. Ankagwada, mawondo akulira, n'kumawerenga ndi chala. Mu Ogasiti chaka chathachi zinali mbande makumi anayi ndi zitatu. Pamwamba pake mtengo uja, mayi wazo, unali utayamba kufiira, masamba akugwa limodzilimodzi. A Lucius anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ankadziwa kuti sadzaona mbandezo zikubereka. Ankangofuna kuti zipeze zaka zisanu za mtendere, zifike msinkhu woti mbuzi ndi phazi la munthu zisaziphe.

Mtenderewo ndi umene panalibe. Kawiri konse kunabwera amuna atatu ndi tepi yoyezera malo, mmodzi atavala jekete mu dzuwa, akuloza uku ndi uku osapereka moni. A January sanasiye pepala lililonse. M'masiku awo munthu ankangopempha malo ndi pakamwa.

Nkhaniyi a Lucius anaifotokozera mkamwini wawo, a Clifton, mwamuna wa Felicia. Iwowa ali ndi kakampani ku Mandala konyamula alendo okaona malo, kuwaperekeza ku Mulanje ndi ku Zomba. Ndi munthu wa mtima wabwino, wolankhula ndi manja, amene amaona mwayi ngakhale pa chulu.

"Bambo, malo opanda pepala mumzinda uno ali ngati nkhuku yogona panja," anatero a Clifton, ataima pachilumbapo nsapato zawo zikumira m'matope. "Koma pakamafika azungu ndi makamera, zithunzi n'kuyamba kuyenda m'mafoni, wa tepi uja sangayerekeze."

"Ndiye azunguwo adzaona chiyani pano, akamwini? Mtengo umodzi, womwenso ukufa?"

"Ndi umenewo, bambo! Mzungu ukamuuza kuti ichi chatsala chimodzi chokha, amavula chipewa. Mukawonjeza kuti chinabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, amalira kumene."

A Lucius anaseka pang'ono. Phazi la a Clifton linali pafupi kwambiri ndi dzala lija, ndipo mawu anafika mpaka pammero kuti awaululire. Anawameza. Anaganiza kuti adzaulula pa tsiku lenilenilo. Alendo atazungulira, iwo adzagwada n'kukankha masamba oumawo, anthu onse aone ndi maso ndi kujambula, kuti mbandezo zikhale ndi mboni zochokera kutali. Anaisunga nkhaniyo mumtima ngati mwana wosunga siwiti m'tsaya.

Anagwirizana kuti alendo oyamba adzafike Loweruka lomaliza la mweziwo. Lachisanu m'mawa a Clifton anawaitanitsa ku ofesi ku Mandala kuti akawakonzekeretse. Anawapatsa malaya obiriwira ndi chipewa cha mlaza, n'kuwaimika pakati pa ofesi ngati mwana wa sukulu.

"Musamati bwana kwa aliyense, bambo. Sakondwera nazo."

"Nanga ndiziti chiyani? Achimwene?"

"Muzingomwetulira. Chizungu chikakuthawani, lankhulani Chinyanja, ine ndimasulira. Koma nkhani ya Apwitikizi ija musaidule, muitalikitse."

"Malayawa anasoka ndani? Kolala yapotoka."

"Aa, bambo, palibe mzungu adzayang'ane kolala!"

A Lucius anachedwa kumeneko mpaka dzuwa kupendeka. Anakwera minibasi ya ku Limbe, malaya atawapinda bwino m'jumbo, n'kutsika kuyenda wapansi kulowera kwawo. Ali pamtunda anaona utsi woyera ukukwera kuchokera kumtsinje. Ogasiti ndi mwezi wa moto, choncho sanadabwe. Atatsetsereka pang'ono anamva kuimba. Anali mawu a amayi, nyimbo ya kutchalitchi, yoimba mokondwa ngati anthu amene amaliza ntchito.

Atafika pa matabwa aja anaima. Chilumba chonse chinali mbee. Pansi panali posesedwa mpaka dothi kuoneka, mizere ya tsache itapanga timauta tokongola monga amachitira amayi pabwalo la mkwati. Miyala inali itandandalikidwa m'mbali mwa kanjira, yopakidwa laimu. Thunthu la chiwale nalo linali lopakidwa laimu kulekeza m'chiuno. Kumapeto kwa chilumba milu itatu ya phulusa inali kufuka.

Anali amayi a limana lawo, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamapemphera pamodzi mkati mwa sabata. Analipo khumi ndi awiri, zitenje zili zothimbirira ndi mwaye. Kutsogolo kunali mayi Marjorie, wapampando wawo, amene anasambitsa thupi la mayi Mildred tsiku la maliro. Felicia anali kumbuyo, chidebe cha laimu chili m'manja, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Bambo Namakhwa afika!" anafuula mayi Marjorie, ndipo wina anaimba nthungululu. "Wolokani, bambo, musaope, ndi panu pomwe pano. Mwapazindikira?"

"Zinyalala zija zili kuti?" Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Imvani funsolo, amayi! Akufunsa zinyalala! Bambo, mawa kukubwera alendo ochokera kunja. Mumafuna akanene kwawo kuti ku Mpingwe amayi ake ndi auve? Chipitireni amayi Mildred pano panasanduka pogona njoka. Felicia atatiuza, tinati ayi, manyazi a bambo Namakhwa ndi manyazi athu."

"Nanga timaudzu tinali pansi pake?"

"Musatikumbutse timeneto! Touma mutu ngati mwini malo." Amayi onse anaseka. "Chikwakwa chimangoterereka. Tachita kukumba ndi makasu kamodzikamodzi. Taonani manja a mayi Winnie, matuza okhaokha. Kalikonse kanali ndi kamwala kumizu. Taponya pamoto tonse kuti tisamerenso. Simudzavutikanso nato, bambo."

A Lucius anakhala pansi pomwepo, pa dothi losesedwalo. Amayi anati atopa ndi ulendo wa m'tauni, wina n'kuthamanga kukatenga thobwa. Analandira kapu ndi manja awiri, chifukwa ndi mmene munthu amalandirira. Anayang'ana pamene panali dzala. Panali timaenje tokwiriridwa bwino, topondedwa ndi zidendene. Amayiwa sagwira ntchito yotsalira.

Akanakuwa. Akanawauza kuti zimene aponya pamotozo zinayenda wapansi kuchokera tsidya lija pa nsanza ya munthu wothawa chikoti. Koma anaona manja a mayi Winnie, mayi wamasiye amene anatseka kabenchi kake ka tomato tsiku lonse kuti adzakumbe pano. Anaona mayi Marjorie, msana uli wonyowa ndi thukuta. Munthu amene wakugwirira ntchito yaulere kuyambira m'mawa sumufunsa kuti wakutuma ndani. Wokuba umamutemberera n'kupeza mpumulo. Nanga awa akanawatani?

"Bambo, ndinu wamkulu pano," anatero mayi Marjorie akumanga mpango. "Titsekereni ndi pemphero, tizikaphikira ana."

Anaimirira, navula chipewa. Mawu awoawo sanapezeke, choncho anayamba pemphero limene aliyense amalidziwa. Atafika pa mawu a kukhululukira ena, analekezera pomwepo. Amayi aja anapitiriza okha mpaka kumapeto, osazindikira kuti wotsogolera watsalira m'njira.

Onse atapita, anatsala ndi Felicia, amene ankatsuka chidebe mumtsinje. Anamuuza za mbande zija ali chiimire, mwachidule. Anatchulanso nambala. Chidebe chinapulumuka n'kuyamba kuyandama, iye osachitsatira.

"Ababa, bwanji simunanene?"

"Iwe bwanji sunafunse?"

"Ndifunse chiyani? Munthu amapempha chilolezo kuti asese pakhomo pa bambo wake? Ndimafuna ndikuchotseni manyazi, ababa. Anthu amanena kuti muli ndi mwana wamkazi koma mukukhala ngati mulibe."

"Wandichotsadi."

Felicia analira mokweza, atakhala pa mwala wa laimu. Anati apita pompo kwa mayi Marjorie akawauze. A Lucius anamuletsa.

"Ukawauze kuti atani? Akafukule phulusa? Mayi uja anasambitsa amayi ako. Usadzatsegule pakamwa, wamva? Kamodzi kokha m'moyo wako, tseka."

Mawu amenewo anamubaya, ndipo iwo anaona kuti amubaya, koma sanawabweze.

Loweruka alendo anafika asanu ndi awiri, atavala zipewa zazikulu ndi nsapato zokwerera mapiri. A Lucius anavala malaya a kolala yopotoka aja. Anafotokoza za a January ndi Apwitikizi monga anawauzira, a Clifton akumasulira ndi kuthira mchere. Alendo anajambula thunthu, anajambula miyala, anajambula amayi a limana amene anabwera atavala zitenje zofanana. Anayamikira kuti malowo ndi osamalidwa bwino kwambiri. Mayi wina wa imvi, amene ankaoneka kuti amadziwa mitengo, anayang'ana mikoko youma m'mwamba, nayang'ana pansi, n'kufunsa funso.

"Akuti ana ake a mtengowu ali kuti," anatero a Clifton, amene anali atamva kale zonse kwa mkazi wawo. Sanawayang'ane apongozi awo kumaso.

"Auzeni kuti kulibe."

A Clifton anamasulira mawu atatuwo kwa nthawi yaitali ndithu. Zimene ananena a Lucius sanazimve, koma alendo anagwedeza mitu mwachisoni, kenako anaomba m'manja.

Sabata yotsatira anakhala akusefa phulusa ndi lichero lakale. Anapeza njere makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, zakuda, zina zong'aluka. Ankadziwa kuti zapsa, komabe anazikwirira m'matope kuseri kwa thunthu, n'kuzivundikira ndi udzu. Lachisanu lotsatira amayi anabweranso ndi matsache, chifukwa alendo ena anali m'njira, ndipo udzuwo unapita. Mvula inagwa mu Novembala, inagwa mu Disembala. Sipanamere kanthu. Mu Febuluwale thunthu linagwa lokha masana, kopanda ndi mphepo yomwe, ndipo mkati mwake munali mofumbwa.

A Clifton sanagone tulo pa nkhaniyi, tisawanamizire. Analonjeza kuti akadzapita ndi alendo ku Mulanje adzafunsa kumidzi ya m'malire ngati kuli chiwale chobereka, adzabweretse njere. Koma njere zimafuna chaka, pamene alendo anali atalembetsa kale mwezi wotsatira, ndipo sungawaonetse anthu matope. Ndiye tsiku lina kunafika lole yaing'ono itanyamula mitengo khumi ya m'machubu, yogula kwa ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu, mtundu uja umaima pa zipata za mahotela.

"Ndi yongogwirizira, bambo, podikira njere zija."

"Ichi si chiwale, akamwini."

"Ndikudziwa, bambo. Koma masamba ake akufananako. Amene angasiyanitse ndi inu nokha."

Za njere za ku Mulanje a Lucius anakumbutsa katatu. Mpongozi sapempha kanayi.

Amuna a tepi aja sanabwerenso. Pa chimenecho a Clifton ananena zoona. Pachilumbapo tsopano pali mlatho wa zitsulo, mabenchi awiri, ndi chikwangwani cholembedwa dzina la a January ndi la a Lucius m'zilankhulo ziwiri. Alendo amabwera kawiri kapena katatu pa mwezi, ndi ana a sukulu omwe. Amayi a limana amagulitsa zitumbuwa ndi timadengu, ndipo apezako pogwira, zimene palibe angadane nazo. Mitengo ya m'machubu ija yakula msanga, siifuna matope kapena zinyalala. A Lucius anabweza malaya obiriwira atakonza kolala, n'kunena kuti mawondo sakuwalolanso kutsetsereka. Mlatho watsopanowo sanaupondepo. Nkhani ya Apwitikizi amafotokoza ndi a Clifton, ndipo akuti chaka chino yatalikirako.

Felicia anasunga pakamwa. Amabwera Lachitatu lililonse kudzawachapira, ndipo amakambirana za mtengo wa sopo ndi za adzukulu. Pa zinazo amadutsa m'mbali ngati anthu olambalala chithaphwi.

Ku Misa a Lucius amakhala pa benchi lachitatu kumbali ya abambo. Lamulungu lapitali, potuluka, mayi Marjorie anawapeza pakhomo la tchalitchi n'kuwagwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Bambo Namakhwa, mwatitaya bwanji? Alendo amakufunsani. Bwerani mudzaone mmene pakongolera. Lachisanu lino tikubweranso ndi matsache."

A Lucius anayang'ana manja amene anawagwirawo.

"Sesani, mayi," anatero. "Tsopano sesani mmene mungathere."

Mayi Marjorie anatembenukira anzawo, nkhope ili ngwee. "Mwamva, amayi? Bambo awa salankhula zambiri, koma amayamika."